Kalata yokamba za liwiro la zithunzi m'mafilimu oseketsa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Johannesburg. Kuno kumudzi tonse tili bwino. M'kalata yanu munafunsa chifukwa chake munthu akamagwa pang'onopang'ono pa kanema timaseka kwambiri, ndipo funso limeneli landizungulira m'mutu sabata yonse.

Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, pamene mafilimu anayamba kukhala ndi mawu, kanema amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi. Wojambula akatenga zithunzi 12 zokha pa sekondi n'kuzionetsa pa 24, liwiro limawirikiza kawiri. Akatenga 96, chimene chinachitika m'sekondi imodzi chimatha masekondi anayi. Mukukumbukira The Gods Must Be Crazy ya 1980 imene tinkaonera m'vidiyo sho, pamene bambo uja ankalimbana ndi Land Rover yopanda mabuleki, akatsika kukatsekula geti galimoto n'kuyamba kubwerera yokha? Jamie Uys, amene anapanga filimuyo, anathamangitsa zithunzizo, ndipo munthuyo anasanduka chidole chongophiriphitha. Tinkaseka miyendo ndi manja, nkhope osaiona n'komwe.

Kuchedwetsa zithunzi ndiye kumandigwira mtima, chifukwa kumatibwezera nkhopeyo. Taganizani mkulu wovala suti amene waponda khoko la nthochi. Chidendene chikuseseleka, chikwama chikuchoka m'manja, nsidze zikukwera, koma pakamwa pakadali kumwetulira kwa moni umene amapereka, popeza uthenga wa tsokalo sunafike m'mutu mwake. Ife oonera tadziwa kale, iye sanadziwe, ndipo masekondi odikirawo ndi amene amatithyola nthiti, ngakhale kachisoni kamalowererapo.

Palinso china. Tinazolowera kuona ngwazi ndi akatswiri a masewera akuyendetsedwa pang'onopang'ono, choncho ulemu umenewo ukaperekedwa kwa munthu wosayenera, nthabwala yabadwa kale asanalankhule. Rowan Atkinson, katswiri wa nthabwala amene timamudziwa kuti Mr. Bean, anachita zimenezi pa mwambo wotsegulira Olimpiki ku London mu 2012, akulota kuti akuthamanga m'mphepete mwa nyanja ndi akatswiri, mpaka anakwera galimoto kuti awapitirire.

Chimene chimandiwawa n'chakuti opanga mavidiyo ambiri a pa foni amachedwetsa kugwa kulikonse, ngakhale pamene nkhope ya wosewerayo ilibe chotiuza. Mukaonera ina kumeneko, yang'anitsitsani maso a wogwayo, mudzandilembere zimene mwaona.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzanu wa kumudzi