Tasintha kukula kwa mabedi a mbewu pa thanki ya nsomba

Okondedwa makasitomala athu,

Kuyambira mwezi wamawa, thanki ya nsomba ya malita 1,000 izibwera ndi mabedi atatu a timiyala, odzalamo mbewu zothiriridwa ndi madzi a m'thankiyo, m'malo mwa limodzi. Bedi lililonse ndi la masikweya mita 1.2, kuya kwake masentimita 30, osatinso 20. Tawonjezaponso kathanki kapansi kolandira madzi ochokera m'mabedi.

Tisabise mawu, bedi limodzi lija linali lochepa, ndipo amene tinalakwitsa ndife. Ambiri mwakhala mukutidandaulira kuti nsomba zikangokula madzi amada, zimasiya kudya, zina kumangoyasamula pamwamba. Ena munkaganiza kuti pampu yafooka, koma kawirikawiri pampu imakhala ilibe mlandu. Bedi ndi sefanso ya madzi. Pa timiyala tija pamakhala mabakiteriya amene amasandutsa amoniya wotuluka m'nsomba kukhala nitrite, kenako nitrate yemwe mbewu zimadya. Timiyala tikachepa mabakiteriyawo amachepa, amoniya n'kumaunjikana, ndipo kwa nsomba ameneyu ndi poizoni.

Poyeza kukula kwa mabedi timayambira pa chakudya. Thanki yotereyi isapitirire makilogalamu 20 a nsomba, ndipo kwa amene mukuyamba kumene, 10 ndi okwanira. Nsomba zazikulu zimadya 1 kapena 2 peresenti ya kulemera kwake pa tsiku, ndiye kuti m'thankimo mumalowa magalamu pafupifupi 200. Sikweya mita imodzi ya ndiwo zamasamba imakwanitsa zotsalira za magalamu 40 mpaka 50 okha, pomwe mbewu zobereka zipatso ngati tomato zimafika 80. Onani nokha: bedi limodzi tinkalisenzetsa katundu wa mabedi atatu. Tsopano mabedi onse pamodzi ndi malita 1,080, pafupifupi kufanana ndi thanki, ndipo kuya kwatsopanoko kumapatsa mizu ya tomato pogwira.

Kathanki kapansiko kali ndi ntchito yake. Mabedi atatu akadzaza nthawi imodzi amamwa malita oposa 400, popeza timiyala timasiya mpata wa magawo 4 pa 10 alionse. Madzi onsewo atachoka m'thanki ya nsomba, zingatsale m'madzi ofika theka, ndipo kukwera ndi kutsika kotereku kumazisautsa. Tsopano okwera ndi kutsika azikhala a m'kathankiko.

Inu amene munagula kale, thanki yanu musaitaye, ili bwino. Tiuzeni tibwere tidzalumikize mabedi awiri owonjezera ndi kathankiko. Podikira, chepetsani chakudya chifike magalamu 60 pa tsiku, kapena vuulani nsomba zikuluzikulu. Tikalumikiza musathamangire kuwonjezera chakudya, chifukwa mabakiteriya amatenga milungu 3 mpaka 6 kuti akhazikike pa timiyala tatsopano. Ngati timiyalato mupeza nokha, thirani viniga pa kamodzi kaye. Kakachita thovu ndi ka laimu, kadzakweza pH ya madzi (muyeso wosonyeza kuchuluka kapena kuchepa kwa asidi m'madzi), ndiye timiyala totere musathire m'bedi.

Ife anu,
A ku ofesi yoona za makasitomala