Satifiketi ya MSCE isachotsedwe polemba asilikali

Akonzi,

Nthawi iliyonse gulu la asilikali la Malawi Defence Force likalengeza kuti likufuna anyamata ndi atsikana atsopano, pakati pa Amalawi okhala kuno ku Johannesburg pamabuka mkangano. Ena amati usilikali ndi mphamvu ndi kulimba mtima basi, choncho n'kulakwa kufuna satifiketi ya MSCE kwa munthu amene ntchito yake ndi kunyamula mfuti. Ine sindigwirizana nawo, ndipo ndikupempha akuluakulu a asilikali kuti lamulo limeneli asalifewetse.

Msilikali wa masiku ano samangokhala ku Kamuzu Barracks kapena ku Cobbe Barracks kudikira perete. Kuyambira mu 2013 asilikali athu akhala akutumizidwa kum'mawa kwa dziko la Democratic Republic of Congo pamodzi ndi anzawo a ku South Africa ndi ku Tanzania, ndipo ena sanabwereko amoyo, monga asilikali 6 amene anaphedwa m'dera la Beni mu Novembala 2018. Kumalo oterowo malangizo amabwera pa wailesi m'Chingerezi, mapu amafuna munthu wodziwa masamu, ndipo msilikali ayenera kumvetsa bwino lomwe nthawi imene akuloledwa kuwombera ndi imene sakuloledwa, chifukwa akalakwitsa angaphe mayi wosalakwa amene akuchokera kumunda. Alangizi a kusukulu ya usilikali ya MAFCO, ku Salima, angathe kuphunzitsa munthu mwambo, kuguba ndi kagwiritsidwe ka zida, koma m'miyezi yochepa ija sangayambirenso kumuphunzitsa zimene anayenera kuphunzira kusekondale. Ngakhale kuno ku South Africa, wachinyamata wofuna kulowa usilikali kudzera m'ndondomeko ya zaka ziwiri ya Military Skills Development System amafunika akhale atamaliza Giredi 12, kalasi yomaliza ya kusekondale.

Komabe dandaulo la anzathu aja lili ndi mutu. Ku Diepsloot ndi ku Cosmo City, kuno ku Johannesburg, kuli anyamata ambiri ochokera ku Mzimba, ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay, anzeru ndi olimbikira, amene analekezera Fomu 2 chifukwa makolo anasowa fizi, ndipo lero akutchetcha kapinga m'mayadi a anthu. Wina amene timapemphera naye amasunga satifiketi yake ya JCE m'pulasitiki pansi pa sutikesi, ndipo amanena mosabisa kuti khumbo lake linali yunifolomu ya usilikali. Sukulu zapulayimale zinakhala zaulere mu 1994, koma malo a kusekondale sanachuluke mofanana, ndiye ana ambiri akumudzi anatsalira panjira popanda kulakwa kwawo.

Mankhwala a vuto limeneli ndi kuthandiza ana kufika Fomu 4. Ndikupempha asilikali kuti aziyendera masukulu a CDSS akumidzi n'kumafotokozera ana a Fomu 1 zimene zimafunika, kuti mwana adziwe msanga chimene akuvutikira. Amene anasiya sukulu auzidwe momveka, pa wailesi, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, kuti angathe kuphunzira m'makalasi a masana n'kulemba mayeso a MANEB ngati ophunzira apadera, zaka zawo zisanapitirire malire.

Chinanso n'chakuti satifiketi iliyonse izitsimikiziridwa ndi MANEB munthu asanakwere galimoto yopita ku Salima, ndipo mayina a osankhidwa azisindikizidwa boma ndi boma, kuti mwana wa mlimi wa ku Chitipa kapena ku Nsanje aziona yekha kuti anthu akwawo nawonso akutengedwa.

Ndine wowerenga wanu,
ku Johannesburg