Kalata kwa makolo potseka teremu: za masamu a ana a Sitandade 1 ndi 2

Makolo nonse ndi osamalira ana,

Ndakupatsani moni. Teremu ija yatha ndipo malipoti tawapatsa anawa lero, chonde afunseni muone, ena amabisa m'chikwama. Zikomo kwambiri amayi amene mumalawirira kudzaphika phala.

Nkhani yanga yaikulu ndi ya masamu. Ena mwa inu munabwera ku ofesi kudzadandaula zoti ana akumangoseweretsa timiyala ndi zitsekerero za mabotolo m'kalasi m'malo molemba. Nkhawa yanu ndaimva, koma taonani. Mwana amene amakhala nanu pa benchi ya tomato amadziwa kuti kasitomala akatenga mulu wa K300 n'kupereka K500 chenji chake ndi K200, amayankha pompo, koma mwana yemweyo mukamulembera 5 - 3 pa bolodi amangoti kakasi. Masamu ali nawo kale, chachilendo kwa iye ndi zizindikiro zolembazi basi.

Ndiye aphunzitsi athu akumayambira pa zimene mwana wabwera nazo kuchokera kunyumba. Mtsikana wosewera phada amatulutsa miyala iwiriiwiri kenako itatuitatu, kumeneko ndiye kuyamba kwa kuchulukitsa. Wosewera bawo amawerengeratu kuti njere yomaliza ikagwera dzenje liti asanagwire n'komwe. Ndipo tayesani kugawa mandasi 6 kwa ana atatu wina alandire ochepa, mumva phokoso lake, kugawa amakudziwa ameneyo. Mphunzitsi amayamba ndi zogwirika, kenako mwana ajambule timizere kapena timipira, manambala amabwera pamapeto, ndipo akafika m'kope samaloweza chabe, amadziwa chimene akulemba.

Pa holide ino tithandizane. Atumeni ku okala abwere akuuzeni chenji, awerenge nkhuku zikamalowa m'khola, agawe ndiwo m'mbale. Akayankha mufunseni kuti "wapeza bwanji?", ngakhale walakwa mumve kaye maganizo ake, nthawi zambiri pamakhala pang'ono pokha pomwe waphonya. Chonde chonde musamukalipire powerenga zala ndiponso mawu oti ndiwe mbuli asatuluke, zimandiwawa kuona mwana wochangamuka akuopa kukweza dzanja chifukwa anauzidwa kuti masamu si ake. Agogo amene simunapite kusukulu, bawo ndi chenji mumazidziwa kuposa ife, ntchitoyi ndi yanunso.

Potsegulira mwana aliyense adzabwere ndi zitsekerero 20 zotsuka bwino m'kajumbo, kope ndi pensulo. Amene muli ndi mafunso ndipezeni ku ofesi sabata yoyamba.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wamkulu