TV ya alamu inapsa, koma osati chifukwa ndi ya ku Joni

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi anzanga tili kuno ku Joni, makamaka ife timathamangira ku Park Station ndi makatoni a sola ndi mabatire kuti makolo kumudzi asamagone mumdima. Ine ndimakonza mawailesi, ma amplifier ndi matchaja m'kashopu kena ku Rosettenville. Chandilembetsa kalatayi ndi foni ya alamu anga a ku Ntcheu.

Mwezi wathawu ndinawatumizira ka TV ka 12V, batire ndi panelo. Katunduyo anadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Dedza osasweka. Tsiku lomwe anakalumikiza kanangoti phu! kenako kafungo ka pulasitiki. Alamu pafoni: "Alamu, akuberani anthu amenewo, za ku Joni n'zabodza." Ndinawapempha kuti ajambule mawaya onse anditumizire pa WhatsApp. Vuto linali poyera. Mnyamata amene anawathandiza anatalikitsa chingwe ndi mawaya awiri akuda, ndiye pofika pa batire pulasi inalowa malo a mainasi.

Magetsi a pakhoma, kuno ndi kwathu komwe, ndi 230V, ndipo amapita uku ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi. N'chifukwa chake babu la m'nyumba silifunsa kuti waya uyu ndi uti. Magetsi a batire ndi a sola ndi ena. Amayenda mbali imodzi yokha ngati madzi a m'ngalande. Wofiira ndi pulasi, wakuda ndi mainasi, ndipo mukawatembenuza zam'kati zimapsa musanaphethire. Makapasita a m'kati mwa zipangizo, aja ooneka ngati timigolo, ali ndi mzere m'mbali wosonyeza mwendo wa mainasi. Mukawapatsa mozondoka amatupa, ena kuphulika kumene.

Ngakhale adaputa imapusitsa. Kamutu kozungulira kaja kali ndi pakati ndi kunja. Zipangizo zambiri zimafuna pulasi pakati, koma timabokosi ta gitala topondedwa ndi phazi, ta 9V, tambiri timafuna mainasi pakati. Kutchalitchi kwathu kuno tinatayapo kamodzi chifukwa mnyamata wa kwaya anangotola adaputa yomwe inalowa. Kulowa si kugwirizana. Pa adaputa iliyonse pali kachithunzi ka mpira wapakati ndi zizindikiro za + ndi −, kaoneni kaye. Mukakayika, mita yoyezera mavolti imanena zoona: mukaika ndodo zake mozondoka imalemba mainasi kutsogolo kwa nambala.

Koma alamu akanalumikiza molondola, tsoka lina linali kudikira, chifukwa ankafuna kuti masana TV izidya molunjika ku panelo, "batire ipume". Panelo yolembedwa 12V dzuwa likaswa mtengo imatulutsa pafupifupi 18V, ndipo ikakhala yosalumikiza kalikonse imadutsa 20V. Apa m'pamene pamafunika regulator, mlonda wa pachipata amene amalandira magetsi okwera ndi kutsika n'kutulutsa muyezo umodzi. Pa sola mlonda wake ndi charge controller, ya mtundu wotchipa wotchedwa PWM kapena wina wotchedwa MPPT. Mumayamba kulumikiza batire, panelo pambuyo.

M'kati mwa zipangizo muli alonda ang'onoang'ono a miyendo itatu. 7805 imatulutsa 5V, 7812 imatulutsa 12V. Imafuna kupatsidwa mavolti oposa omwe ikutulutsa ndi awiri kapena kuposerapo, ndiye 7805 musaipatse ochepera 7V. Otsalawo imawasandutsa kutentha. Mukatsitsa 12V kufika 5V pa ampu imodzi, mawati 7 amangothera kuwotcha kachitsulo, pamene foni ikulandira 5 okha. Pa batire ya kumudzi, yodalira dzuwa, kumeneko n'kutunga madzi ndi dengu. Ine masiku ano ndimakonda timabolodi ta buck, monga ta LM2596, timene timadula magetsi mwachangu kwambiri m'malo mowawotcha. Timataya pang'ono, ngakhale nthawi zina timalowetsa phokoso mu wailesi. LM317 ndi ya amene akufuna kusankha yekha muyezo, kuyambira 1.25V kupita m'mwamba, pogwiritsa ntchito ma resistor awiri.

Ndisadzionetse wanzeru, nanenso ndinapsapo zala. Ndikuphunzira ntchito ndinaika 7905 pamalo pa 7805 poona kuti zikufanana ngati mapasa. Komatu banja la 79 ndi la magetsi a negetivi, limatulutsa −5V kapena −12V, ndipo limapezeka m'zipangizo za mawu zofuna pulasi ndi mainasi mbali ziwiri za ground, waya wa 0V. Miyendo yake ndi yosiyananso. Mukayang'ana kolembedwa miyendo ili pansi, 7805 imayamba ndi polowera, ground pakati, potulukira kumanja. 7905 imayamba ndi ground, polowera pakati. Abwana anga a nthawi imeneyo sanakalipe, anangondipatsa bolodi lopsalo kuti ndilinunkhize.

Pempho langa kwa inu Akonzi ndi loti mutipatseko kadanga m'nyuzipepala yanu, ngakhale kamodzi pamwezi, amisiri azifotokoza zinthu ngati izi m'Chichewa. Timabuku ta m'makatoni timabwera m'Chingerezi ndi m'Chitchaina, pamene wolumikiza kumudzi ndi mdzukulu wa sitandade 7. Ndipo inu anzanga otumiza katundu, musanamate katoni, kulungani tepi yofiira pa waya wa pulasi mbali zonse ziwiri, muikemo fyuzi ndi charge controller.

TV ya alamu ikubwerera pa basi sabata yamawa. Ndikuyembekeza kuti chapsa ndi dayodi yoteteza ndi kapasita imodzi basi. Ndikaikonza ndiitumiza ndi chingwe chomwe ndawotcherera ndekha, cha pulagi yolowa mbali imodzi yokha, ndipo mtengo wa basi ulendo uno alipira ndi iwo.

Mmisiri wa mawailesi,
Rosettenville, Johannesburg