Nkhani yanu ya khansa ya kapamba inasocheretsa odwala

A Mkonzi,

Ndakwiya nayo nkhani munalemba pa tsamba la zaumoyo sabata yatha, yoti madokotala apeza njira yophera khansa ya kapamba (pancreas) ndi magetsi ndipo odwala akuchira. Akuchira? Mtolankhani wanuyo analankhula ndi dokotala wa khansa ngakhale mmodzi, kapena anangokopera zimene kampani yopanga makinawo imalemba potsatsa malonda?

Odwala amene mumawanenawo ndi aja chotupa chawo sichinafalikire m'thupi, koma chakulunga mitsempha ikuluikulu ya magazi yodutsa kuseri kwa kapamba, moti dokotala sangachidule. Kwa otere, ena amayesa ablation: amalowetsa masingano m'chotupamo n'kuchiwotcha, kapena kuchiziziritsa mpaka maselo afe. Imene munaitamanda inu ndi irreversible electroporation, ya makina a NanoKnife, imene imaboola maselo ndi magetsi amphamvu osawotcha mitsempha. Wodwala amagonekedwa tulo, ndipo magetsiwo amawatulutsa mogwirizana ndi kugunda kwa mtima kuti mtimawo usasokonezeke. Pambuyo pake kapamba akhoza kutupa, magazi akhoza kutayikira m'mimba kapena kuundana mumtsempha wopita kuchiwindi. Zonsezi munazisiya!

Mukadafunsa, akadakuuzani kuti mu 2017 bungwe la NICE, limene limaunika njira zochizira matenda ku Britain, linalangiza kuti njirayi izichitika pa kafukufuku basi. Ku Netherlands kafukufuku wa CROSSFIRE, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2024, anaiyerekeza ndi radiotherapy (kupha maselo a khansa ndi cheza champhamvu) pa odwala amene anali atalandira kale FOLFIRINOX, mtundu wa chemotherapy (mankhwala opha maselo a khansa), ndipo sanapeze kuti imatalikitsa moyo kuposa inzakeyo. Chemotherapy ndiyo imayambirira, ablation imabwera pambuyo, kwa ochepa osankhidwa bwino. Mungalembe bwanji ngati munthu akhoza kusiya mankhwala n'kuthamangira masingano?

Chimandipweteka n'chakuti nkhani ngati imeneyi imawerengedwa ndi banja limene likuona bambo awo akuonda, maso achita chikasu, msana sukuwagoneka. Mawa ali kwa dokotala, nyuzi m'manja, kumuimba mlandu woti akuwabisira mankhwala. Ndipo si ulendo woyamba. Tsamba lanulo limakonda makina atsopano, koma sindinaonepo mukulemba za kuchepetsa ululu, kapena za mankhwala othandiza kugaya chakudya amene odwala kapamba amawafuna tsiku lililonse.

Konzani nkhaniyo pa tsamba lomwelo, ndipo za khansa muzizipereka kaye kwa dokotala aziwerenge musanasindikize.

Wowerenga wokhudzidwa