Msonkho wa "countervailing" si chilango

Akonzi,

Ndiloleni ndiwongoleko momwe atolankhani ena amamasulirira mawu akuti "countervailing duty". Ambiri amangoti msonkho wolanga, pomwe nkhani yake si imeneyo.

Mawu akuti "countervail" adalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa chakale, koma gwero lake ndi Chilatini: "contra", kutsutsana, ndi "valere", kukhala ndi mphamvu kapena mtengo. Ndiye kuti kuika mphamvu yolingana mbali inayo, monga amachitira wogulitsa nyama poika miyala pa sikelo mpaka mbale zonse ziwiri zitafanana.

Pa malonda zimayenda chonchi. Boma likathandiza makampani ake ndi ndalama, ngongole za chiwongoladzanja chotsika kapena kuwakhululukira misonkho, katundu wawo amafika kumaiko ena motchipa n'kugwetsa mafakitale a kumeneko. Dziko lolandira katunduyo limaloledwa kuika msonkho wofafaniza thandizolo basi. Thandizo likakhala K15 pa K100 iliyonse, msonkho sungadutse K15.

Malamulo a bungwe loona za malonda a pakati pa maiko la WTO, lomwe Malawi adalowa mu 1995, salola kungodzuka n'kulengeza msonkhowu. Odandaula akhale opanga osachepera 25 peresenti ya katunduyo m'dzikomo. Kafukufuku athe m'miyezi 12, ikachulukitsa 18, ndipo aonetse kuti thandizo lilipodi, kuti mafakitale apwetekeka, ndiponso kuti chawapweteka ndi katundu wothandizidwayo. Chachitatuchi ndiye chovuta, chifukwa fakitale itha kugwa kaamba ka kuzimazima kwa magetsi kapena kusowa kwa ndalama zakunja, eni ake n'kumaloza chala katundu wolowa. Thandizo likapezeka lochepera 1 peresenti ya mtengo, mlandu umathera pomwepo. Msonkhowo umafa pakatha zaka 5 pokhapokha ataunikidwanso.

Mu Okutobala 2024, European Union idaika msonkhowu pa magalimoto oyendera magetsi opangidwa ku China: a kampani ya Tesla 7.8 peresenti, a BYD 17, a SAIC 35.3. Manambala akusiyana chifukwa makampani amayesedwa paokhapaokha, ndipo okana kuonetsa mabuku awo amagwera pa nambala yapamwamba.

Tisasokonezenso ndi "anti-dumping". Kumeneko dzanja la boma silifunika kuoneka. Kampani yokha ndiyo imagulitsa kunja pamtengo wotsika kuposa wa kwawo, ndipo kawerengedwe kake ndi kena.

Wowerenga,
Blantyre