Lipoti la msonkhano wa eni nyumba za lendi ya masiku ochepa

A Wapampando ndi mamembala nonse,

Munandituma kukamva momwe anzathu akuyendetsera nyumba zolandira alendo a masiku ochepa pamene eni akewo amakhala kutali. Zokambidwa zinali zambiri, koma ndalemba zokhazo zimene zingatithandize kusankha.

Nkhani inayambira pa malamulo, ndipo n'koyenera kutero chifukwa m'mizinda ina lamulo lakusankhirani kale. Ku London, nyumba yathunthu imaloledwa kulandira alendo otere kwa usiku 90 wokha pachaka pokhapokha mutapeza chilolezo chapadera. Ku New York, kuyambira mu Seputembala 2023, mlendo wokhala masiku osakwana 30 amalandiridwa ngati mwini walembetsa ndipo akugona m'nyumba momwemo, alendonso asapitirire awiri. Kumeneko za kuyendetsa nyumba uli kutali palibe. Mzinda wa Barcelona unalengeza mu 2024 kuti ziphaso za nyumba zotere zidzatha pofika 2028. Choncho aliyense ayambe wafufuza lamulo ndi msonkho wa kumene kuli nyumba yake, afunsenso ngati inshuwalansi yake imavomereza alendo olipira.

Pa kayendetsedwe kenikeni, njira yosavuta ndi kupereka zonse kwa kampani: kutsatsa, kuyankha alendo, kukonza m'nyumba ndi kusintha mitengo. Mtendere ulipo, koma makampani otere nthawi zambiri amatenga 20 mpaka 30 peresenti ya ndalama zolowa, pamwamba pa ndalama zimene Airbnb kapena Booking.com (makampani a pa intaneti amene alendo amasungitsirako malo ogona) amadula, zomwe zimafika cha m'ma 15 peresenti. Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri si ndalamazo ayi. Makampani ena amatsatsa nyumba yanu pa akaunti yawo, moti tsiku limene mudzasiyane nawo ndemanga zonse zabwino za alendo zidzatsala kwawo, inu n'kuyambanso ngati mlendo pamsika. Amene asankhe njirayi aonetsetse kuti akaunti ili m'dzina lake, ndalama zikulowa kwa iye mwini, ndipo pangano likunena momveka za mmene lingathetsedwere.

Ena amayendetsa okha pafoni. Amaika loko wa manambala amene amasinthidwa mlendo aliyense akachoka, mauthenga olandira alendo amapita okha, ndipo makalendala amalumikizidwa kuti anthu awiri asasungitse usiku umodzi. Zipangizozi n'zothandiza ndithu. Dziwani chabe kuti Airbnb inaletsa makamera a m'kati mwa nyumba kuyambira pa 30 Epulo 2024, ndipo a panja muyenera kuwaulula kwa alendo. Ntchito yoyankha nayonso si yamasewera ngati nthawi ya kumene muli ikusiyana ndi ya kumene kuli nyumba, pakuti kuti mukhale Superhost (dzina limene Airbnb imapatsa olandira alendo ochita bwino kwambiri) mumafunika kuyankha 90 peresenti ya mauthenga atsopano pasanathe maola 24, malikisi amene alendo amakupatsani asatsike pa 4.8 mwa 5.

Koma paipi ikaphulika pakati pa usiku, kapena batire la loko likatha mlendo ali panja ndi ana, foni siitsegula chitseko. Apa m'pamene ambiri mwa amene analankhula anagwirizana, ndipo inenso ndili pomwepo: pamafunika munthu wokhala pafupi, wosunga kiyi wapadera, wodziwa pulambala ndi wamagetsi. Airbnb imamutcha co-host, ndipo mwini amasankha zimene munthuyu angaone ndi kuchita pa akaunti. Za wokonza m'nyumba tisazipepuse. Iyeyo ndi amene amalowa mlendo aliyense akatuluka, ndiye amayamba kuona banga pa matilesi kapena mpopi wodontha. Alipidwe bwino ndi pa nthawi yake, azitumiza zithunzi akamaliza, ndipo pakhale wina womulowa m'malo akadwala.

Maganizo anga ndi akuti amene ali ndi nyumba imodzi kapena ziwiri agwire yekha akaunti, mitengo ndi ndalama, za pamalopo asiyire co-host ndi wokonza m'nyumba. Pangano lilembedwe, ngakhale munthuyo atakhala m'bale wanu, makamaka akakhala m'bale. Linene ndalama zimene angagwiritse ntchito pokonza chinthu osayamba wafunsa, komanso kuti malisiti azitumizidwa mwezi uliwonse. Kampani ndi ya amene ali ndi nyumba zambiri kapena ntchito yosamulola kugwira foni.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira aliyense abwere ndi ndalama zimene nyumba yake inalowetsa chaka chatha ndi zimene inadya, tidzawerengere limodzi njira iliyonse tisanasaine chilichonse.

Ine nthumwi yanu.